Mayina a M'mphepete mwa Mendulo

Mawu amene analankhula pa mwambowu mmodzi wa achinyamata a bungwe lathu, yemwe anaphunzira ntchito m'nyumba yosungiramo mbiri ya asilikali

Mwana saima pabwalo akulu ali chikhalire pokhapokha atamuitana, ndipo poti mwandiitana, ndilankhula. Mwandipempha kuti ndifotokoze ntchito imene ndinagwira kwa miyezi 6 monga wophunzira ntchito m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, m'chigawo chake cha mbiri ya asilikali ndi nkhondo. Ndikudziwa kuti ena mukudzifunsa kuti nkhani ya mfuti ndi mizinga ikudzatani pa tsiku la ng'oma ndi magule. Ndikupempha kuti mundilezere mtima, pakuti amuna amene ananyamula mfutizo, ndi ena ochuluka amene ananyamula katundu wa onyamula mfutiwo, anachoka m'midzi yathu yomweyi, ndipo ambiri a inu muli ndi magazi awo.

Ntchito ya wophunzira m'nyumba yotere ilibe ulemerero umene anthu amaganizira. Mlendo akalowa amaona zimene zili m'makabati agalasi, zoyalidwa bwino, koma zimenezo ndi kagawo kochepa chabe. Zambiri zili kuseri, m'chipinda chosungiramo, ndipo kumeneko ndiko wophunzira amathera masiku ake. Chinthu chilichonse, kaya ndi lipenga, lamba, botolo la madzi kapena batani limodzi la yunifolomu, chiyenera kukhala ndi nambala yake, ndipo nambalayo iyenera kupezeka m'kaundula pamodzi ndi mayankho a mafunso angapo: n'chiyani, chinapangidwa ndi chiyani, n'chachikulu bwanji, chinachokera kuti, anabweretsa ndani, mwini wake anali yani. Umavala magolovesi, chifukwa thukuta la m'manja limadya chitsulo. Umalemba ndi pensulo, chifukwa inki ikadontha pa pepala la zaka 100 palibenso chochita. Umayang'ana pansi pa mashelefu ngati chiswe chayamba kumanga, umasuzumira m'makwinya a nsalu ngati njenjete zaikira mazira, ndipo m'nyengo ya dzinja umalimbana ndi chinyontho chimene chimabala dzimbiri ndi nkhungu. Pa mafunso onse a m'kaundula, lomaliza lija ndilo limatsala lopanda yankho kawirikawiri. Kukula kwa lipenga ungakuyeze ndi lula m'kamphindi. Dzina la amene analiomba, ngati sanalilembe tsiku limene lipengalo linafika, latayika.

N'chifukwa chake mamendulo a nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndinawakonda kuposa zina zonse. Mukatenga mendulo ya siliva yotchedwa British War Medal, kapena inzake ya mkuwa yotchedwa Victory Medal, musataye nthawi ndi zithunzi za kumaso kwake. Itembenuzeni, muione cham'mbali. M'mphepete mwake anadindamo timalemba ting'onoting'ono: nambala ya msilikali, udindo wake, dzina lake ndi gulu lake. Mamendulo a nkhondo yachiwiri, monga Africa Star ndi Burma Star, anaperekedwa opanda mayina, kotero kuti akasiyana ndi mapepala a mwini wake amasanduka chitsulo wamba. Koma a nkhondo yoyamba amalankhula okha. Ndinkakhala ndi galasi lokuzira zinthu, kuwerenga chilembo chimodzichimodzi, ndipo dzina likatuluka ndinkalitchula mokweza, ngakhale m'chipindamo ndinali ndekha. Ndinkaona kuti n'koyenera kutero.

Komabe dzinalo silifika poyera monga mmene mwini wake ankalidziwira. Analilemba ndi kalaliki kapena mkulu wa asilikali amene analimva ndi khutu lachilendo, ndipo munthu mmodzi akhoza kupezeka m'mapepala atatu ndi kalembedwe katatu. Ambiri analembedwa ndi dzina limodzi lokha, lopanda la bambo, lopanda mfunda. Ena analowa usilikali ndi dzina limene kumudzi sankalidziwa. Chimene chimathandiza ndi pepala lolembetsera usilikali kapena kabuku kotulukira, pamene pamalembedwa mudzi, mfumu ndi boma la kwawo. Apa ndi pamene ndinaona kuti nyumba yosungiramo zakale ili ndi theka lokha la nkhani. Pepala likatchula mudzi ndi mfumu, amene angathe kunena kuti munthuyo anali wa mbumba yakuti, ndipo manda ake ali pakuti kapena sanabwereko konse, ndinu amene mwakhala pano.

Ndikumbutseko mwachidule za gulu lenilenilo. Asilikali a dziko lino anayamba m'zaka za m'ma 1890, pamene boma la Harry Johnston linabweretsa Asikh kuchokera ku India ndi kuyamba kulemba anthu akuno. Mu 1902 magulu a kuno ndi a kum'mawa kwa Africa anaphatikizidwa pansi pa dzina la King's African Rifles, kapena kuti KAR, ndipo bataliyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za Nyasaland. Anzawo a kwina ankavala zisoti zazitali zofiira, koma akuno ankavala zakuda. Dzinalo lisanabadwe n'komwe, amuna athu anali atafika kale ku Mauritius, ku Somaliland, ndi ku nkhondo ya Asante ya mu 1900, kudziko limene lero ndi Ghana. Pa nkhondo yachiwiri anamenya ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anatumizidwa ku Malaya. Ufulu utabwera mu 1964, bataliyoni yoyamba inasanduka Malawi Rifles. Munthu amene anabadwira m'mudzi wopanda msewu anaoloka nyanja zamchere, naona mpunga wa ku Asia uli m'munda, nabwerera kudzalima chimanga pamunda wa amayi ake.

Nkhondo yoyamba inafika pakhomo pathu penipeni. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen inaoloka nyanja yathu n'kukawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania. Mzinga wa Guendolen ulipo mpaka lero ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo ana asukulu amaudutsa tsiku ndi tsiku. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho Ajeremani amene anali ataoloka Songwe anathira nkhondo pa Karonga, koma anabwezedwa. Kuyambira 1916 gulu la General Edward Northey linalowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumpoto kwa nyanja, ndipo linathamangitsana ndi General von Lettow-Vorbeck m'mapiri ndi m'madambo, mpaka ku Mozambique, kufikira pamene iye anatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Makolo athu anaitcha nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa. M'dziko lopanda misewu ya galimoto, mmene ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe, chakudya chonse cha asilikali, zipolopolo, mahema, mankhwala ndi zidutswa za mizinga zinayenda pamitu ya anthu. Anthuwo ndi amtengatenga. Akatswiri a mbiri amawerengera kuti dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000 pa nkhondo imeneyo, koma amtengatenga anayandikira 200,000. Munthu ankasenza mtolo woposa makilogalamu 20, wopanda nsapato, kukwera mapiri ozizira a kum'mawa kwa nyanja atafunda kansalu kamodzi. Ndipo panali masamu ankhanza: wonyamula ufa nayenso amadya, choncho ulendo ukatalika pankafunika amtengatenga ena onyamulira chakudya amtengatenga anzawo, ndipo chakudya chikachepa, woyamba kumanidwa anali iyeyo. Ambiri sanafe ndi chipolopolo. Anafa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, n'kusiyidwa m'mbali mwa njira.

Sanapite mwa kufuna kwawo. Boma linkalamula chiwerengero, ndipo amesinjala ndi apolisi ankazinga midzi usiku. Mwamuna akathawira kuthengo ankagwira mkazi wake kufikira atadzipereka. Mafumu athu, ndilankhula izi mwaulemu pamaso panu: amene anakhala pa mipando yanu masiku amenewo anapanikizidwa pakati pa boma ndi anthu awo, ndipo ena anapereka ana a alongo awo misozi ili m'maso. Minda inagonera, njala inalowa, ndipo otsala atabwerera kumapeto kwa 1918 mliri wa chimfine unabwera nawo limodzi.

Funsani tsono kuti m'chipinda chosungiramo muli chiyani cha amtengatenga. Msilikali anasiya mendulo, chisoti, lamba ndi chithunzi. Mzungu wolamula anasiya makalata, mapu ndi buku la zochitika za tsiku ndi tsiku. Wamtengatenga anali ndi nkhata ya udzu pamutu, ndipo nkhata imaola. Pa amuna khumi amene anachoka kuno, asanu ndi anayi alibe chowaimira m'kabati yagalasi. Nyumba ya mbiri ya nkhondo, ikapanda kusamala, imakhala nyumba ya mfuti, pakuti mfuti ndiyo sichedwa kupezeka ndipo siola. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomereza poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a mu Africa, amene anafa potumikira Britain pa nkhondo yoyamba, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe konse, pamene mzungu aliyense anapatsidwa mwala wake kapena mzere wake pakhoma. Boma la Britain linapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesa n'kwabwino, koma sikubweza dzina.

Zambiri zimene tikudziwa za mmene makolo athu anaionera nkhondoyi tinazipeza chifukwa munthu wina anapita kukafunsa nthawi isanathe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Melvin Page, amene ankaphunzitsa mbiri ku Chancellor College, anayendera okalamba amene anali asilikali ndi amtengatenga, najambula mawu awo, ndipo pambuyo pake analemba buku lotchedwa The Chiwaya War. Akanachedwa zaka khumi akanapeza manda okhaokha. Ife lero taima pamalo ofanana ndi amenewo pa nkhani ya nkhondo yachiwiri ndi ya ku Malaya. Eni ake atsala owerengeka, koma akazi awo amasiye, ana awo ndi adzukulu amene anakulira pamiyendo pawo akadali ndi moyo.

Ntchito imene inandisowetsa tulo koposa inali yooneka yaing'ono: kulemba timawu tofotokozera timene amaika pambali pa chinthu. Umapatsidwa mizere inayi kapena isanu, ndipo m'mizere imeneyo uyenera kunena zoona. Taganizirani mfuti ya m'zaka za m'ma 1890. Mabuku a atsamunda amati nkhondo za nthawi imeneyo zinali zokhazikitsa bata. N'zoona kuti asilikali amenewa ndiwo anagwetsa linga la Mlozi ku Karonga mu 1895, ndipo Ankhonde amene ankagwidwa ukapolo anapuma. Koma ndi asilikali omwewo amene anathira nkhondo Mwase Kasungu, ndi amene anagwira Inkosi Gomani mu 1896, yemwe anaphedwa chifukwa chokana kugonja. Ndi omwewo amene ankatentha nyumba za olephera msonkho. Mu Januwale 1915 anatumidwa kukasaka anthu a John Chilembwe, munthu amene miyezi iwiri m'mbuyomo analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akuno akufera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda chowatonthoza. Chilembwe ankalirira asilikali omwewo amene anadzamusaka.

Kodi pamenepo ulemba chiyani? Ukalemba kuti ngwazi, wanyoza amene anagwa ndi mfutiyo. Ukalemba kuti wogulitsa mtundu, wanyoza mnyamata amene analowa usilikali kuti apeze ndalama ya msonkho, amene anapirira zikoti za m'gulu, amene anakhetsa magazi ku Burma n'kulandira pomaliza masheleni atatu ndi theka pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene msilikali wachizungu wa udindo womwewo ankalandira masheleni 10. Maganizo anga ndi akuti kapepalako kanene zimene munthuyo anachita, kumene anapita, amene anamutuma ndi zimene analandira, ndipo chiweruzo chisiyidwe kwa wowerenga. Ena m'ntchitoyi amati kutero ndi mantha. Ine ndimati mlendo wobwera kudzaona ali ndi nzeru zake, ndipo nthawi zambiri ndi mdzukulu wa mbali zonse ziwiri: agogo ake aamuna ananyamula mfuti, agogo ake ena anaithawa.

Alendo amenewa ndiwo anali aphunzitsi anga enieni. Ana asukulu amathamangira ku mfuti, ndipo funso lawo loyamba ndi lakuti kodi ikhoza kulirabe. Okalamba sathamangira kanthu. Amaima nthawi yaitali pa zithunzi za magulu, kuyang'ana nkhope imodziimodzi, ndipo ukawafunsa amati akufuna aone ngati atate awo alipo. Zithunzi zambiri zotere zili ndi mayina a azungu okhala pamipando kutsogolo, koma mizere ya kumbuyo inangolembedwa ndi liwu limodzi lotanthauza asilikali. Mayi wina wachikulire, atayang'ana kabati ya mamendulo, anandiuza kuti ofanana nawo anali m'chitini cha abambo ake, ndipo adzukulu anawagulitsa kwa munthu wodutsa pa mtengo wa thumba la feteleza. Sindinawaweruze adzukuluwo, pakuti njala siona mbiri. Koma mamendulo otere amakathera kwa osonkhanitsa zinthu zakale kunja kwa dziko, kumene dzina la m'mphepete lija limangokhala chinthu chokwezera mtengo.

Pali malo amodzi pamene amtengatenga ndi asilikali wamba anadzilembera okha mbiri, ndipo malowo si nyumba yosungiramo zakale. Ndi bwalo ngati lino. Beni wa ku Mangochi, malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, mganda wa ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu, onsewa ali ndi perete m'kati mwake: mizere yowongoka, maudindo, mluzu, zovala zoyera zositidwa, ng'oma yaikulu, ndi malipenga a zikho otsanzira bandi ya asilikali. Amuna amene analamulidwa kuguba anabwera kwawo n'kusandutsa kugubako gule, iwo eni n'kukhala akapitawo ndi mafumu a gululo. Mukamaonera magule amenewa, mukuona chinthu chimene kaundula wathu sangachipatse nambala. Ndikupempha alangizi a magule kuti akamaphunzitsa achinyamata mapazi, aziwauzanso kumene mapaziwo anachokera.

Tsopano ndifike pa pempho langa, limene ndi la zinthu zogwirika. Chaka chilichonse mu Novembala atsogoleri amaika nkhata zamaluwa pa chipilala cha KAR ku Zomba ndi pa nsanja ya chikumbutso ku Lilongwe, ndipo n'koyenera. Koma zimene zili m'masutikesi ndi m'zitini za m'nyumba zanu palibe boma limene lingazifikire popanda inu. Ngati muli ndi mendulo, musaikweche ndi phulusa kapena mchenga kuti iwale, chifukwa mukufufuta dzina. Musachotse kansalu kake ngakhale katathaitha, pakuti mitundu ya kansaluko ndiyo imanena nkhondo imene munthuyo anamenya. Mapepala musawamate ndi selotepi, ndiponso musawapititse kokawamatira pulasitiki ndi makina otentha, chifukwa zikatero sangakonzedwenso. Aikeni mu envulopu yoyera, pamalo ouma, kutali ndi denga lodontha ndi khoma la chiswe. Kuseri kwa chithunzi lembani ndi pensulo dzina lonse, mfunda, mudzi ndi mfumu. Mendulo, kabuku ndi chithunzi za munthu mmodzi zisagawidwe pakati pa ana monga mmene timagawira ziwiya pa chikumbutso, pakuti zikasiyana chilichonse chimataya umboni wa chinzake. Ndipo wina akafukula m'munda chipolopolo chachikulu kapena bomba lakale, asalinyamule kuti alipereke ku nyumba ya zakale. Alisiye pomwepo, adziwitse apolisi, chifukwa zina zimaphulika ngakhale patapita zaka 100.

Kwa mabanja amene mulibe chitsulo kapena pepala lililonse, amene mumangodziwa kuti agogo a agogo anatengedwa kukasenza katundu ndipo sanabwerere, inu ndi amene ndikukufunani koposa. Dzina lokhalo ndi lokwanira. Mafumu athu, inu mumadziwa mabanja a m'midzi yanu kuposa kaundula aliyense. Mukalola kuti pa misonkhano yanu pakhale mphindi zochepa zofunsa kuti ndani anapita ku nkhondo ya chiwaya, ndani ku Burma, ndani anabwera ndipo ndani anatsala, achinyamata a bungwe lino tidzabwera ndi makope ndi mafoni kudzalemba ndi kujambula mawu. Zolembazo zidzakhala za bungwe ndi za midzi imene zachokera, ndipo makope ake tidzapempha kuti akasungidwe ku National Archives ku Zomba, kumene ofufuza angawapeze.

Tayamba lero lomwe. Magule akatha, anzanga ndi ine tikhala pa tebulo limene lili pafupi ndi khomo lolowera, tili ndi kaundula watsopano amene sanalembedwemo kanthu. Amene mwabwera ndi mamendulo kapena mapepala, tidzawajambula n'kukubwezerani m'manja nthawi yomweyo. Amene mwabwera ndi dzina lokha, tidzakufunsani mfunda, mudzi, mfumu, ndi amene anakuuzani nkhaniyo.